Mutu 6: Chipewa pa Diso la Kazitape

1. Maso ofiira

Basi inafika pachipata cha sukulu dzuwa litangotuluka. Atsikana khumi ndi asanu a timu ya mpira wa manja anali ataima kale pamzere, atakumbatira zikwama chifukwa cha chisanu cha mu Julayi. Tsikulo ankapita ku Sinda, ku mpikisano wa masukulu a m'chigawo, ndipo aka kanali koyamba kuti sukulu yawo ya ku Vubwi ifike patali chotero.

Kaputeni wa timuyo anali Perpetua Sakala wa giredi 11. Iyeyu chimwemwe chake chinali pawiri, chifukwa woyendetsa basiyo anali atate ake omubala, a Lloyd Sakala.

Koma a Sakala atatsika, Perpetua anaona kuti maso awo anali ofiira psu. Anali atangochokera ku maliro a akulu awo, kumudzi wa kufupi ndi malire a Mozambique, kumene anachezera pasiwa masiku awiri. Asanavule n'komwe nsapato, kunabwera foni yochokera kukampani ya mabasi imene ankagwirako ntchito, yakuti dalaivala woyenera kutenga ana a sukulu wagwa ndi malungo. Iwo anavomera.

Amayi ake a Perpetua, a Elina, anali atabwera ndi kathumba ka mtedza wokazinga. Anamukokera mwana wawo kuseri kwa basi.

"Atate ako sanagone," anatero motsitsa mawu. "Ndawauza kuti akane ulendowu, akuti mwana wanga akupita kukasewera, ndimuperekeze ndekha. Ndiye iwe ukhale kutsogolo. Uziwayankhulitsa, uziwafunsa mayina a midzi, chilichonse chimene chabwera m'mutu. Koma tamvera bwino. Usakawachititse manyazi pamaso pa aphunzitsi. Munthu wangoika kumene mbale wake m'manda, mtima uli pachilonda. Pakakhala chonena, unene awiriwiri. Mwana akatsutsa kholo pagulu, ngakhale akhale wolondola, anthu amakumbukira mwano wake, zimene ananenazo amaziiwala."

"Ndamva, Amayi," anayankha Perpetua.

2. Kazitape

Kuchokera ku Vubwi kupita ku Chadiza msewu sunapatse munthu mpata wosinza. Basi inkadumpha m'mabampu, fumbi likulowa m'mawindo, atsikana akuimba nyimbo zonyoza matimu amene anali asanawaone n'komwe. Mphunzitsi wawo wa masewera, a Madamu Joyce Mwale, anakhala mpando wachiwiri akulemba mayina a osewera.

Perpetua anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, moyang'anana ndi atate ake. Mnzake Winnie anadzipanikiza pambali pake.

"A Sakala, kaja n'kachiyani?" anafunsa Winnie, akuloza kabokosi kakuda kokhala ngati ka machesi, kamene kanamangidwa patsogolo pa chiwongolero.

"Ameneyo ndi Kazitape," anayankha a Sakala akuseka. "Ndi dzina limene tinamupatsa ife madalaivala. Muli kamera m'menemo. Sayang'ana msewu ayi, amayang'ana ine. Amawerenga mmene ndikuphethirira. Zikope zikachedwa kutseguka, kapena mutu ukagwera kutsogolo, amalira, mpando uno n'kuyamba kunjenjemera. Sathera pomwepo. Amatumiza uthenga ku ofesi, kukandinenera."

"Ndiye akakunenerani amakutani?"

"Kamodzi amangolemba. Kawiri amayamba kukuyang'anitsitsa. Kachitatu pa ulendo umodzi, umakasiya makiyi patebulo n'kukadikira kunyumba mpaka akuitane, ngati angakuitane."

Atangodutsa Chadiza, pamene msewu unayamba kusalala, kabokosi kaja kanalira. Kulira kwake kunali kosongoka, kolasa m'makutu. A Sakala anadzidzimuka n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Mwamumva wabodzayu?" anatero akutikita diso. "Fumbi landilowa m'maso, iye akuti ndagona."

Atsikana anaseka n'kupitiriza nyimbo. Perpetua sanaseke. Anayamba kuwafunsa atate ake mayina a midzi ndi a timitsinje, umodziumodzi, mpaka mapiri a ku Katete anaonekera.

3. Mawu a a Cosmas

Ku Katete anaima kuti athire mafuta. Atsikana anathamangira kumsika kukagula mandasi. A Sakala anaoloka kupita pa kashedi ka okonza matayala, Perpetua akuwatsatira ndi botolo la madzi.

Mwini kashediko anali a Cosmas Tembo, bambo wa imvi woyenda ndi ndodo. Kale ankayendetsa malole akuluakulu, ndipo ndi amene anawaphunzitsa a Sakala kugwira chiwongolero. Atapepesa za maliro, anawayang'ana a Sakala kumaso nthawi yaitali.

"Lloyd, wagona maola angati?"

"Ndagonako, mdala."

"Sindinafunse zimenezo. Khala pa tayala apo." A Cosmas anaika pansi chitsulo chimene chinali m'manja. "Mwendo uwu umaudziwa, koma nkhani yake sindinakuuzepo yonse. Anthu amaganiza kuti ndinagwa ndi lole usiku. Ayi. Anali masana ngati ano, dzuwa lili pamutu, msewu uli mbee, wopanda ngakhale mbuzi. Ndinali nditadya bwino, wailesi ikuimba. Ndinkadziuza kuti ndikapumira kutsogoloko, patsala pang'ono. Tulo sitigogoda pakhomo, Lloyd. Umangoona kuti wadutsa mudzi koma sukukumbukira kuti waudutsa liti. Maso amakhala otsegula, mwini wake atachoka kale. Ine ndinadzidzimukira m'chipatala. Kumbali kwa msewu kunali bambo wina pa njinga, akuchokera kuchigayo. Dzina lake ndikulidziwa mpaka lero. Mudzi wake ndikuudziwa, suli kutali ndi kuno, koma zaka zonsezi sindinapondeko. Ndikawauza chiyani ana ake amasiye? Kuti ndinkafulumira?"

A Sakala anayang'ana pansi.

"Ife tinalibe kabokosi kotidzutsa," anapitiriza a Cosmas. "Inu mwapatsidwa, koma mukukatcha mdani. Ndimamva zimene mumachita, wina amamata pepala, wina amakoleka chipewa. Kodi galu akauwa usiku, umamanga galuyo pakamwa kapena umatuluka kukaona chimene wauwa? Lowa m'kashedimu, muli mphasa. Ugone theka la ola lokha. Khofi ndi zakumwa za m'zitinizi zimangokunamiza, mankhwala a tulo ndi kugona basi."

Nthawi yomweyo a Madamu Mwale anatulukira akuyang'ana wotchi.

"A Sakala, tiyeni. Atiuza kuti timu imene sifika pofika fotini awazi, 2 koloko masana ano, masewero oyamba yaluza osasewera. Ino ndi thetini yadutsa kale."

A Sakala anaimirira. "Sinda ndi pafupi apa, mdala. Ndikagona konko ana akamasewera."

Anagula kachitini ka chakumwa chopatsa mphamvu n'kukamwa kamodzin'kamodzi. A Cosmas anatembenukira kwa Perpetua.

"Iwe ndiwe mwana wake, eti? Wakhala pati m'basimo?"

"Kutsogolo, agogo."

"Ndiye maso ako asakhale pa msewu. Akhale pa iyeyu."

4. Msewu wa tala

Kuchoka mu Katete, basi inalowa mumsewu waukulu wopita ku Lusaka. Tala anali wosalala, injini ikungolira mawu amodzimodzi. Dzuwa linkalowa pagalasi lakutsogolo n'kutenthetsa m'basi monse. Nyimbo zinatha. Atsikana, atakhuta mandasi, anayamba kugwetsa mitu pamapewa a anzawo. Winnie anagona. A Madamu Mwale nawonso anatsamira pawindo, pepala la mayina lili pamiyendo.

Perpetua anayesa kufunsa za minda ya thonje imene ankadutsa, koma mayankho a atate ake anayamba kufupika. Kenaka funso lina silinayankhidwe.

Kazitape analira kachiwiri.

A Madamu anatsegula diso limodzi. "Fumbi lomwe lija?"

"Lomwe lija, Madamu," anatero a Sakala.

A Madamu atatsekanso maso, a Sakala anavula chipewa chawo n'kuchikoleka pa kabokosi kaja. Diso la kamera linabisika.

"Atate," ananong'ona Perpetua.

"Khala chete."

"Atate, tiime pang'ono. Musambe kumaso."

"Perpetua, akalira kachitatu ntchito yatha. Ana a malemu atate ako aakulu, anayi onse aja, kuyambira dzulo akuyang'ana ine. Ukufuna ndikawauze chiyani? Patsala makilomita makumi awiri okha. Ndayenda msewu uno iwe usanabadwe."

Perpetua anapinda manja pamiyendo, maso ali pa nkhope ya atate ake.

Anadutsa mudzi wina, kenaka tchalitchi cha njerwa zootcha. Zikope za a Sakala zinkatsika pang'onopang'ono, n'kukwera, n'kutsikanso. Kenaka zinatsika osakweranso. Chibwano chinagunda pachifuwa.

Basi inayamba kudya mzere wapakati. Kutsogolo kunkabwera chilole chodzaza mabelo a thonje, chikuthwanimitsa nyali.

"Atate!"

A Sakala anadzambatuka n'kukhotetsa chiwongolero kumanzere. Basi inapendama, matayala akumanzere anagwera m'miyala ya m'mbali, mayi wina amene anasenza mtolo wa udzu anautaya n'kudumphira m'ngalande. Chilole chija chinadutsa ndi hutala wautali, mphepo yake ikugwedeza mawindo. Basi inabwereranso pa tala.

Zikwama zinagwa m'mashelefu. Atsikana anadzuka akufunsana.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Madamu.

"Dzenje, Madamu," anayankha a Sakala. "Ndimazemba dzenje. Komanso a malolewa amayenda ngati msewu ndi wa kwawo."

Palibe wina amene anaona. A Sakala anamuyang'ana mwana wawo kamodzi, mwachidule, n'kubwezera maso kumsewu. Phazi lawo silinachoke pa mafuta.

5. Chipewa

Perpetua anaimirira. Anagwira chitsulo cha pachitseko ndi dzanja limodzi, n'kutambasula linalo, n'kuchotsa chipewa chija pa kabokosi. Anachigwira pachifuwa.

"Bweza," anatero a Sakala osamuyang'ana.

"Ayi, Atate."

"Ndati bweza."

Perpetua anatembenukira kwa mphunzitsi wake. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira, moti ndi a kumpando wakumbuyo omwe anamva.

"Madamu, panalibe dzenje. Atate anagona. Sanagone masiku awiri, anali ku maliro. Chonde auzeni aimitse basi."

Khosi la a Sakala linaumirira, mitsempha ikuonekera.

"Mwana amene ndinabala ndekha," anatero pang'onopang'ono, "akundivula pamaso pa anthu."

A Madamu anayang'ana wotchi, anayang'ana a Sakala, anayang'ananso wotchi. "A Sakala, patsala mtunda wochepa. Simungalimbe mpaka tifike? Titsegule mawindo, ana aziimba."

"Tifike basi," anatero Stella, woponya zigoli wa timuyo, ali kumbuyo. "Takonzekera chaka chonse. Perpetua, ndiwe kaputeni, ukufuna tiluze tisanagwire mpira?"

Ena anavomereza. Phokoso linakula.

"Ngati basi siima, ine nditsika," anatero Perpetua. "Munditsitse pompano. Mukasewere popanda ine."

"Usachite zachibwana," anatero a Madamu.

"Si zachibwana, Madamu. Inu munali m'tulo. Ine chilole chija ndachiona, ndi nkhope ya dalaivala wake ndaiona. Anatsegula pakamwa, atatong'ola maso."

A Sakala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma m'malo mwa mawu munatuluka kuyasamula kwakukulu kumene analephera kukubweza. Maso anatsekeka, misozi ya tulo ikutsika. Kazitape analira kachitatu, ndipo ulendo uno aliyense anali maso. Anamva kulirako, anaonanso mpando wa dalaivala ukunjenjemera.

A Madamu anapinda pepala lawo. "Imitsani basi, a Sakala."

Basi inapatuka n'kuima pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi malo ogulira thonje. A Sakala anazimitsa injini n'kutsika. Anakakhala pansi, msana atatsamira tsinde, nkhope atalozetsa kutchire.

"Mphindi khumi zokha," anatero kwa a Madamu, "kuti mitima yanu ikhale pansi. Ine tulo ndilibe."

Mlimi wina amene ankatsitsa thumba la thonje pangolo asanamalize kumasula chingwe, a Sakala anali akuliza mkonono.

6. Pansi pa mango

Palibe amene analimba mtima kuwadzutsa. Mphindi khumi zinakwana, zinadutsa. Nthawi ya masewero oyamba inakwana ali pomwepo. Stella anakhala pamwala akulira mwakachetechete, anzake atamuzungulira. Perpetua anakhala yekha pa sitepe ya basi, chipewa chili pamiyendo.

Foni ya a Sakala, imene inatsala m'basi, inalira. A Madamu anaiyankha n'kupita nayo patali. Atabwerako anakhala pafupi ndi Perpetua.

"Ndi a ku ofesi ya basi," anatero. "Ndawauza kuti taima, dalaivala akupuma. Akuti tisamudzutse. Wina wanyamuka ku Katete ndi dalaivala wina, atipeza pompano."

Perpetua anagwedeza mutu.

"Tamvera, mwana iwe," anapitiriza a Madamu. "Ine ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Lero ndinanyamula ana a eni khumi ndi asanu, koma maso anga anali pa wotchi. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndipo ndikachinena ndekha kwa a hedi. Anzakowa akukwiyira lero, mwina ndi mawa lomwe. Usayembekezere kuti wina akuthokoza. Ngozi imene yalephereka ilibe mboni, anthu amangoona chimene ataya. Chikho chimabweranso chaka chamawa. Koma ndikanati ndibwerere ku Vubwi ndi nsapato zokha za ana a anthu, sindikudziwa kuti ndikanayambira khomo liti."

Winnie anabwera n'kukhala mbali inayo. Anatsegula kathumba ka mtedza kaja, n'kutapa, n'kumupatsira mnzakeyo m'manja.

A Sakala anadzuka patatha ola lathunthu. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana atsikana, ndipo anadziwa okha kuti nthawi yapita. Anasamba kumaso pa mjigo wa pafupi. Pobwerera anadutsa pamene panakhala Perpetua. Iye anaimirira n'kuwapatsira chipewa ndi manja awiri. Iwo anachilandira, koma kumaso sanamuyang'ane.

7. Funso

Galimoto yoyera inaima kumbuyo kwa basi. Munatsika bambo wina wovala yunifolomu ya madalaivala, ndi mayi wamtali wa magalasi atanyamula foni yaikulu. Mayiyo anadzitchula kuti ndi a Doreen Zulu, oyang'anira za chitetezo cha pamsewu kukampaniko.

Anapatsa moni a Madamu, anawerenga atsikana, kenaka anaitanira a Sakala pambali. Anayankhulana nthawi ndithu. Perpetua ankaona atate ake akuloza kumsewu, akuloza kubasi, akutambasula manja. Dalaivala watsopano uja anakwera n'kukhala pa chiwongolero.

Atsikana atayamba kukwera, a Zulu anayandikira pachitseko.

"Amene anakhala mpando wakutsogolo ndani?"

"Ndine," anatero Perpetua.

"Dzina?"

"Perpetua Sakala."

A Zulu anakweza maso pamwamba pa magalasi. "Mwana wawo?"

"Inde."

"Bwera kuno, Perpetua." Anapita naye pamene panaima a Sakala. "Ndikufuna umvetse bwino ndisanakufunse. Kusinza si mlandu wochotsera munthu ntchito. Dalaivala wotopa timamupumitsa, timamuphunzitsanso, amabwerera. Koma makina athu akuonetsa kuti kamera inakhala mumdima mphindi khumi ndi imodzi, basi ikuthamanga, muli ana a sukulu. Kuphimba kamera dala ndi nkhani ina. Ameneyo sitimubwezeranso makiyi."

Anatembenuza foni ija kuti Perpetua aone. Panali mzere wobiriwira, pakati pake pali chigamba chakuda.

"Atate ako akuti chipewa anachiika pamwamba, ndiye chinatsetsereka chokha ndi kugwedezeka kwa basi, iwo osazindikira. Zimatheka. A Madamu akuti anali m'tulo, sanaone. Watsala ndiwe."

Injini ya basi inalira. Pawindo, Winnie ndi Stella anali atakanikiza nkhope pagalasi. A Sakala anali ataima chipewa chili m'manja, akuchipinda ndi kuchipindula. Kwa nthawi yoyamba chiimireni basi ija, anamuyang'ana mwana wawo m'maso, ndipo sanawachotse.

A Zulu anatulutsa cholembera.

"Tandiuza, Perpetua. Chipewa chija chinafika bwanji pa kamera?"